Mayina Ali Momwemo

Utale, 3 Okotobala 2016

Mwana wanga Abdulrahim,

Asalamu alaikumu. Ndine bambo ako, Swaibu. Dzanja likulembali ndi la a Scholastica, aphunzitsi opuma aja a kuseri kwa mpanda wathu, koma mawu ndi anga. Ndawapempha kuti alembe monga ndikulankhulira, asakonze.

Muli bwanji ku Limbe, iwe ndi apongozi anga a Nafisa? Kuno tadzuka, koma kudzuka kwake n'kwa chaka chino. Mango aawisi tikuchita kuphika. Madeya kuchigayo akuyeza pambale ngati ufa. Ukapeza kaufa utikumbuke.

Tsopano umve bwino, ndiyamba pachiyambi. Mlongo wako Rukiya anamulemba ganyu a bungwe lija logawa chimanga, yolembera mabanja amene njala yawagwira. Anayenda khomo ndi khomo masabata awiri, mimba ili apo, laputopu ija unamugulira ili kumsana. Analemba mabanja 163. Chinatsala n'kupita ku Liwonde kumene kuli netiweki yabwino kuti akatumize mayinawo. Sanapite. Lachinayi anagwa pamjigo. Kuchipatala chathu anati iyi ndi ya ku Zomba. Pomukweza m'galimoto anandigwira malaya nati, "Baba, makinawo muwasunge. Mayina ali momwemo." Foni yake tinagulitsa kuti azakhali ako apite naye akamudikirire.

A Amosi, apampando a komiti ya m'mudzi muno, akuti mayina akapanda kufika ku ofesi pofika Lachisanu pa 21, galimoto ya chimanga idzatidutsa. A bungwe akuti sangalembenso kawiri, midzi njambiri.

A Scholastica amadziwa mawu otsegulira, Rukiya anawaonetsa. Tinakatchaja kwa ometa tsitsi, ndipo anatsegula. Koma makinawo akuyenda ngati ng'ombe yodwala. Ukadina, umadikira mpaka kuiwala chimene unadina. Pali kamzere kofiira, ndipo aphunzitsi akuti kakunena kuti malo adzaza.

Anthu akumabwera kudzakhala pakhonde panga. Salankhula zambiri. Amangofunsa kuti, "Che Swaibu, langa lilimo?" Ine ndimati lilimo, koma sindinalione.

Iwe ntchito yako ndi yomweyi yokonza mafoni ndi makompyuta. Tiuze chochita. Yankho upatse a Pitala a minibasi, amasiya makalata kwa akabaza a pa Liwonde.

Ndine bambo ako,
Swaibu

Limbe, 6 Okotobala 2016

Baba,

Wa alaikumu salamu. Tili bwino, Alhamdulillahi. Za Rukiya zandikhudza. Ndayesa kupempha tsiku koma abwana akana. Ndapatsa a Pitala kathumba ka ufa.

Za laputopu musade nkhawa, ndi nkhani yaing'ono. Vuto ndi kashe basi. Ndikufotokozereni mwachidule. Kompyuta ikamagwira ntchito pa intaneti imasunga tizidutswa ta zithunzi ndi masamba kuti mawa isavutike kutitenganso. Tizidutswato ndiye kashe. Tikachuluka timadzaza malo. Zili ngati gaga wa pamtondo, Baba: mphale mwatenga kale, gagayo n'ngosesa.

A Scholastica achite izi. Atsegule pamene Rukiya amalembera mayina paja. Adinize pamodzi mabatani atatu: kontirolo, shifiti ndi dileti. Patuluka timabokosi. Achonge tonse, asasiyeko. Pamwamba asankhe poti kuyambira kalekale. Kenako adine batani lofufutira. Mphindi ziwiri, yatheka. Ikatero iyenda ngati yatsopano, mupite nayo ku Liwonde mukatumize.

Musachedwe, masiku ndi ochepa.

Mwana wanu,
Abdulrahim

Utale, 10 Okotobala 2016

Abdulrahim,

Moni wa mtendere. Ufa wafika, Mulungu akuwonjezere. Tagawanako ndi a Scholastica.

Kalata yako anandiwerengera katatu. Loweruka tinakhala pamkeka, makina pampando. Aphunzitsi anachita zonse monga unalembera. Timabokosi tinatuluka, anachonga. Chala chawo chinali pamwamba pa batani lomaliza lija. Ine ndinawagwira dzanja.

Usakwiye, mwana wanga. Ndikuuze chimene chinandigwiritsa dzanja la mkazi wa mwini. Iwe unati ndi gaga. Mawu amenewo ndi amene anandiopsa. Chaka cha 2002 unali wamng'ono, mwina sukukumbuka. Malemu mayi ako, Abiti Sumani, ankapita kuchigayo ndi kachitsache, n'kumasesa pansi. Zosesazo ankapeta pang'onopang'ono, ndiye phala limene linakusungani moyo iwe ndi Rukiya. Mwini chigayo ankati ndi zinyalala. Kwa iye zinalidi zinyalala. Chaka cha njala gaga satayidwa usanamupete.

Ndiye ndinafunsa aphunzitsi kuti, kodi tikusesazi taziona? Anati iyayi, sizioneka. Ndinati nanga mayina ali pati? Anayang'anayang'ana, napeza kangodya kena kolembedwa 163, pambali pake mawu akuti sanatumizidwe. Anasaka m'zikwatu zonse za m'makinamo, fayilo ya mayina sanaipeze. Nambala ija imaoneka pokhapo, pamalo omwewo ukuti tisese.

Funso langa nali, undiyankhe mofatsa. Ngati mayina sanapite ku ofesi, ndipo m'zikwatu mulibe, akugona kuti? Si mu gaga wakoyo?

Ndalembera Rukiya kumufunsa zomwezi. Sanayankhe. Sindikudziwa ngati ali moyo woti n'kuyankha.

Kuno mawu ayamba kuipa. Ena akuti ndikusunga makina kuti ndichotse mayina a Akhristu. Akhristu omwewo akuona kuti wogwira makinawo ndi mayi wa mpingo wawo, koma njala ilibe maso. Dzulo masana mayi Lukiya, amasiye aja a ana anayi, anabwera n'kukhazika kamwana kawo pakhonde panga. Tsitsi lake lafiira ngati ndevu za chimanga. Anati, "Mukamaliza kuganiza, Che Swaibu, mundiuze ndidzakatenge." Anapita mpaka pamsewu asanabwerere kudzakanyamula.



Bambo ako,
Swaibu

Limbe, 13 Okotobala 2016

Baba,

Moni. Ndikhululukireni, ndilemba mosabisa.

Ine kashe ndimafufuta tsiku lililonse, makompyuta khumi patsiku. Palibe kasitomala anabwerapo kudzalira. Kompyuta si chigayo, Baba. Mayina ali malo ena ake, a Scholastica sanangowapeza. Inu mukuopa mthunzi pamene njala yeniyeni ili pakhonde panu. Masiku atsala asanu ndi atatu. Tsiku likadutsa, anthu sadzanena kuti makina anavuta. Adzanena kuti Che Swaibu anatimana chimanga, ndipo mukudziwa zimene anthu anjala amachita ndi nkhalamba imene ailoza chala. Usiku sindikugona poganiza zimenezo.

Ngati aphunzitsi akuopa, pitani nayo kwa mnzanga Ali. Ali ndi kashopu ka mafoni pafupi ndi siteji ya ku Liwonde. Ndamuimbira kale, ndamuuza kuti asese zonse. Ndaimbiranso a Amosi kuwauza zomwezo, chifukwa ndikudziwa kuti inu nokha simupita.

Musandide. Ndikufuna mukhale moyo.

Abdulrahim

Utale, 17 Okotobala 2016

Mwana wanga Rukiya,

Asalamu alaikumu. Iyi ndi kalata yachiwiri. Ngati yoyamba inakupeza, bwanji uli chete? Ngati sungathe kugwira cholembera, azakhali ako apemphe namwino alembe mawu amodzi okha: tisese kapena tisasese.

Mchimwene wako waimbira a Amosi. Loweruka anabwera anthu asanu ndi mmodzi, dzuwa lili paliwombo. A Amosi anayamba ndi nthabwala. Anati, "Che Swaibu, tamva kuti mwakwatira. Tabwera kudzaona mkazi watsopanoyo, uja mumagona naye kumutu." Anthu anaseka, koma kuseka kwa mano okha. Kenako anati ndiwapatse makina. Ndinakana. Analowa m'nyumba. Anatembenuza mphasa, anasuzumira kudenga, anavundukula ndi mtsuko womwe. Sanapeze.

Ndikuuza iwe wekha, ndi aphunzitsi akulembawa. Ndinawakulunga m'chitenje cha mayi ako n'kuwaika m'nkhokwe. Anthu aja anaidutsa kanayi konse. Chaka chino palibe munthu amasuzumira m'nkhokwe, aliyense amadziwa zimene zilimo.

Potuluka a Amosi sanalinso kuseka. Anandikokera pambali nati, "Achimwene, kwanga ana adya kamodzi kuyambira dzana. Anthuwa ndikuwagwira ndi manja awiri, koma manja atopa. Lachitatu mmawa tipite ku Liwonde, inu ndi ine. Mukakana, sindidzakhalapo pamene adzabwere."

Ndavomera. Nanga n'kutani? Ndikakana, tsiku lidutsa ndipo ndapha mudzi. Ndikalola kuti asese, mwina ndaphanso mudzi. Njira zonse ziwiri zikupita kumanda, ndipo ine sindidziwa kuwerenga chikwangwani.

Unati mayina ali momwemo. Momwemo muti, mwana wanga?

Bambo ako,
Swaibu

Zomba, 14 Okotobala 2016
(Kalata iyi inagona m'thumba la mayi wina amene anapatukira kumaliro ku Phalula. Inafika ku Utale pa 20. Ndalemba ndine Scholastica.)

Baba okondedwa,

Ndili moyo. Anandichita opaleshoni, ndinadwala kwambiri, lero ndiye ndatha kukhala tsonga. Mwana ndi wamkazi, wamng'ono koma akuyamwa.

Baba, MUSAFUFUTE. Chonde musalole munthu aliyense, ngakhale achimwene. Kashe weniweni, wa zithunzi ndi tizidutswa, alibe vuto. Koma pa timabokosi tija pali kena ka zosungidwa za masamba. Fomu ya bungwe imalembedwa popanda netiweki, ndiye mayina onse amadikirira m'menemo mpaka atatumizidwa. Mukachonga tonse, mayina apita, ndipo palibe kwina kumene ndinawalemba. Anatichenjeza tsiku loyamba la maphunziro.

Malo adzaza chifukwa cha mavidiyo, osati kashe. Muwasamutsire pa fulashi. Kenako mulumikize netiweki, mudikire nambala ija itsike mpaka ziro. Ikafika ziro ndiye musese mmene mungafunire.

Vidiyo ya ukwati wa achimwene ija muisamale, amayi alimo.

Rukiya

Utale, 21 Okotobala 2016

Ana anga Abdulrahim ndi Rukiya,

Asalamu alaikumu nonse awiri. Aphunzitsi alemba makalata awiri ofanana, ina ku Limbe ina ku Zomba. Rukiya, kalata yako yafika dzulo, zonse zitatha kale. Alhamdulillahi chifukwa cha moyo wako ndi wa mwanayo. Tsopano mverani za Lachitatu, ndinena mwadongosolo.

Tinanyamuka atatu, ine, a Amosi ndi a Scholastica. Makina ndinawabereka kumbuyo ndi chitenje. Mayi Lukiya anatiperekeza ndi maso mpaka tinakhota. Pamlatho wa Liwonde ndinayang'ana Shire. Madzi atsika, mchenga uli poyera ngati nthiti za ng'ombe.

Ali tinamupeza akudya chinangwa. Ndi munthu waulemu, koma wachangu ngati iwe, Abdulrahim. Anati, "Agogo, mwafika nthawi yoipa, magetsi azima kuyambira mmawa. Koma musadandaule, izi n'za mphindi ziwiri." Anatsegula. Zala zake sindinazione n'komwe, ndinangoona timabokosi tija tatuluka, tonse tochonga.

Ndinaika manja anga onse awiri pamabatani.

A Amosi anakuwa, "Mwayambanso!" Anthu a pasiteji anayamba kusonkhana pakhomo. Ndinati kwa Ali, "Bambo, ine sukulu sindinapite. Koma tipangane chinthu chimodzi. Chimene mungandionetse ndi maso, ine n'kuchizindikira, chimenecho mutaye. Chimene simungandionetse musachikhudze, mpaka nambala iyi itachoka."

Ali anaseka. "Agogo, za kompyuta munaphunzira kuti?"

Ndinati, "Kuchigayo."

Anayang'ana a Amosi, a Amosi anayang'ana kudenga. Ndiye Ali anakweza mapewa nati chabwino, tione chimene chadya malo. Anasakasaka. Kenako anati, "Eee. Kashe yense ndi kakang'ono chabe. Zadzaza muno ndi mavidiyo." Anandionetsa mafilimu aja a anthu omenyana. Ndinati tayani. Anataya. Kamzere kanakhalabe kofiira. Analumikiza netiweki ya pafoni yake, makina anangouma, nambala osasuntha.

Anati, "Yatsala vidiyo imodzi, yaikulu kuposa zonse. Ikachoka iyi, apuma." Anaitsegula.

Unali ukwati wako, Abdulrahim. Ndinaona bwalo lathu lili ndi anthu, nkhokwe kumbuyo ili yodzaza mpaka pakamwa. Ndipo pakati pa azimayi panali mayi anu, akuvina.

Zaka zitatu sindinawaone akuyenda.

Ali anati aisamutsire pa fulashi. Analowetsa, makina anauma. Anazimitsa, nayatsanso, nayesanso. Makina anati ntchitoyo itenga ola ndi theka. Batire inati yatsala ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu. Tinatuma munthu kwa a jenereta a kumsika, anabwera ndi yankho loti mafuta atha. Magetsi akuti mwina mawa, mwina mkuja, madzi m'Shire mulibe. Lachisanu linali mkuja.

A Amosi sanakuwenso. Anavula chipewa. Anati, "Achimwene, tikhoza kugona konkuno, mwina mawa ayaka." Ndinawayang'ana. Milomo yawo inali yoyera ndi njala. Ndinaganiza za mwina ameneyo, ndi kamwana ka mayi Lukiya ka tsitsi lofiira.

Ndinapempha Ali kuti abwezere pamene mayi anu akuvina. Ndinaonera mpaka ndinapuma katatu. Kenako ndinati, "Tayani."

Anafunsa, "Mukutsimikiza, agogo?"

Ndinati, "Iyi ndaiona ndi maso, ndaizindikira. Tinapangana."

Anadina. Kamzere kofiira kanasanduka kobiriwira. Tonse tinaunjikana pa kangodya kaja. Kanati 163. Kanakhala. Kanakhalabe. A Scholastica anayamba kupemphera chapansipansi m'chipembedzo chawo, ine m'changa. Kenako Ali anati, "162!" Anthu a pakhomo, amene sankadziwa n'komwe nkhani yake, anayamba kuwerenga nafe mokweza. Pa 90 inaima nthawi yaitali, netiweki itathawa. Ali anatuluka panja atanyamula foni m'mwamba ngati akuitana mvula. Inabwerera. Itafika 7 makina analira kuti batire ikutha. A Amosi anandifinya mkono mpaka lero ukuwawa.

Ziro.

Ali anapukuta thukuta nati, "Tsopano ndisese, agogo?" Ndinati, "Tsopano sesani." Sanathe n'komwe, makina anazima okha.

Dzulo a bungwe aimbira a Amosi kuti mayina 163 afika. Galimoto ibwera sabata yamawa, Inshallah. Titawerenga kalata ya Rukiya, a Amosi anakhala pansi pafumbi.

Abdulrahim, sindikukudzudzula. Unaopa monga ndinaopera ine. Ndingokufunsa chimodzi: vidiyo ija, uli nayo ina kumeneko?

Bambo wanu,
Swaibu

Limbe, 24 Okotobala 2016

Baba,

Kalata yanu ndaiwerenga kuntchito, ndinachita kutuluka panja.

Ndikanakhala ine pampando wa Ali, ndikanasesa. Sindikanafunsa n'komwe. Lero kwabwera mayi wina ndi laputopu yodzaza, ndinamufunsa mafunso mpaka anadabwa.

Vidiyo ina ndilibe, Baba. Inali mufoni ija anandibera mu minibasi. Wojambula uja ndamusaka, akuti anapita ku Joni ndipo makina ake anagulitsa. Ija inali yokhayo.

Ndikhululukireni. Ndibwera kumapeto kwa mwezi, abwana afune asafune.

Abdulrahim

Utale, 29 Okotobala 2016

Mwana wanga Abdulrahim,

Wa alaikumu salamu. Palibe chokhululukira. Bwera, udzaone mwana wa mlongo wako. Afika dzana. Dzina tamupatsa la agogo ake, Ayisha.

Chimanga chinabwera Lachinayi. Anaitana mayina mmodzimmodzi pabwalo la sukulu, ine ndinakhala pansi pa mtengo kumvetsera mpaka lomaliza. Onse analimo. Mayi Lukiya podutsa ndi thumba pamutu sanandiyang'ane, manyazi. Madzulo ake kamwana kaja kanabwera ndi chimanga chokazinga m'kambale, kanaika pakhonde n'kuthawa.

Tsopano ndawapempha aphunzitsi kuti atenge pepala labwino, alembe zimene ndinaona ndisanaziiwale, popeza mutu wanga nawonso wayamba kudzaza. Iwe usunge kalatayi pouma. Mwanayu akadzakula udzamuwerengere.

Lembani, a Scholastica, pang'onopang'ono.

Anavala chitenje chobiriwira cha maluwa oyera, chomwe chija ndinaberekera makina. Mpango unali utapendekeka, sanaukonze. Ankavina ndi mapewa, mapazi osachoka pansi kwenikweni, chifukwa bondo linali litayamba kale kuwavuta. Dzanja lamanja linali m'mwamba, atagwira chikho. Kenako anaona kuti wojambula wawalozetsa makina. Anabisa nkhope ndi chikhocho, akuseka, nati, "Iwe, chotsa icho, ukajambule ana!"

Koma kuvina sanasiye.

Bambo ako,
Swaibu